Theka la Nkhani ya Mehru

Ngongole ya a Giani Hazura Singh inali itagonera, ndipo Nasibo anali atatopa nayo. Munthu wamkulu, ndevu zoyera mpaka pachifuwa, wosunga kachisi wa mudzi wonse wa Bhuranwala, koma kubweza chimene analonjeza ayi. Kawiri konse Nasibo anawaimitsa panjira ya kuchitsime kuti akambirane, iwo n'kungoti, "Sindinaiwale, amake Melo," uku akupitirira. Kusaiwala anakhuta nako ndani?

Sizinali ndalama. Chaka chimene denga la kachisi linadontha, mvula inalowa m'kabati momwe munkakhala mbiri ya Asikhi, ija a Giani amawerengera anthu masana aliwonse. Mbiriyo si buku limodzi, ndi mulu wa mabuku, lililonse lokulungidwa m'nsalu yakeyake ngati khanda. Mapepala anapulumuka, koma nsalu zinachita nkhungu n'kuola. Akuluakulu a kachisi anakhala pansi, anamwa tiyi, anakambirana, anamwanso tiyi. Nasibo anangopita kwawo, n'kutulutsa m'bokosi nsalu yake ya ukwati, yofiira yamaluwa a silika imene amayi ake anamupetera, n'kuilowetsa sizasi. Anasoka zokulungira mabukuwo mpaka maso kuyabwa. Tsiku lokapereka, a Giani ananena pamaso pa anthu onse kuti, "Mlongo wanga, tsiku limene mudzafune kanthu ka m'mabukuwa mudzangonena. Ndidzakuwerengerani."

Azimayi ena ankati ntchito ya kukachisi salipiritsa. Nasibo ankati iye sanalipiritse munthu, a Giani analonjeza okha ndi pakamwa pawo.

Tsopano tsikulo linali litafika. Mwana wake Melo anali atakula, ndipo kutsidya kwa ngalande kunali mnyamata wokonza mapampu a madzi, dzina lake Ajaib Singh. Melo anamuona kamodzi pa ukwati wa msuweni wake, ndipo kuyambira pamenepo chapati ankachita kupsereza. Nasibo sanafunse zambiri. Anatuma Santi, mchemwali wa malemu mwamuna wake amene anakwatiwa kutsidya komweko, kuti akakhale nkhoswe.

Santi anabwerako ndi mawu awiri. Oyamba anali apoyera: banja la mnyamata ndi la anthu odziwerengera, makolo awo ankakwera akavalo pankhondo, lupanga ladzimbiri likadali pakhoma. Amake, a Dhan Kaur, akufunsa kuti kodi anthu awa ndi ayani, poti bambo wa mtsikanayo anangosiya kamunda ndi mbiri ya mowa. Achiwiri anali a m'khutu: mkwatibwi atabwera ndi njinga yamoto, a Dhan Kaur sangafufuze kwambiri.

Njinga yamoto Nasibo analibe. Anali ndi njati ziwiri za mkaka, kathole kamodzi, ndi Mehru.

Mehru anali kholo la banja la mwamuna wake, ndipo dzina lake lili m'mabuku aja. Kalekale, mutu wa Msikhi uli ndi mtengo wake ngati dzungu pamsika, ankhondo ena a Chisikhi anabisala m'bango la kumtsinje. Mehru, mlimi wamba, anawadyetsa nyengo yonse yozizira, mpaka mkulu wa ankhondowo anamuika dzanja pamutu n'kumudalitsa. Apongozi ake a Nasibo ankaikamba nkhaniyi pa ukwati uliwonse, ndipo ankalekera pomwepo. Koma nkhaniyo imapitirira, ndipo mudzi wonse umadziwa. Asilikali a bwanamkubwa anabwera, anamanga ana awiri a Mehru pakamwa pa chitsime, ndipo Mehru anawalozera njira ya m'bango. Ochepa okha ndiwo anatulukamo amoyo.

M'mawa wina Nasibo atakama njati anafunda mpango kumutu n'kulunjika kukachisi. Anapeza a Giani pansi pa mtengo wa nimu akusankha mphodza za kukhitchini ya kachisi.

"Sat Sri Akal, amake Melo. Khalani pansi," anamulonjera a Giani ndi moni wa Asikhi.

"Ndikakhala pansi mundipatsa tiyi, ndikamwa tiyi ndichita manyazi. Ndiima. Ndabwera kudzatenga changa."

"Nenani."

"Lachinayi kubwera alendo kudzaona Melo. Masana ndibwera nawo kuno. Mudzawerenge za Mehru."

A Giani anachotsa kamwala m'mphodza. "Kachingwe kathu kosungira tsamba kali kutali, mlongo wanga. Mbiriyi timaiwerenga motsatana, tsamba ndi tsamba. Mehru tidzamupeza chaka chamawa. Madala a kutsogolo aja adzadandaula."

"Madala aja ambiri amakhala ali mtulo. Mutawadumphitsa zaka zana sangadzuke n'komwe."

A Giani anaseka mpaka ndevu kugwedera. "Chabwino. Kamodzi kokha ndidumpha."

"Ndipo mukafika pamene akumudalitsa paja, mutseke buku."

Kuseka kunatha. A Giani anaika lichero pansi.

"Apo ndiye ayi."

"Ayi wa chiyani?"

"Nkhani ija ili ndi mbali ziwiri, mukudziwa."

"Nzimbenso ili ndi mbali ziwiri. Mlendo mumam'patsa kutsinde kotsekemera, kunsonga mumaponyera njati."

"Amene analemba mabukuwa sanali wogulitsa nzimbe. Analemba za amene anapereka mitu yawo, analembanso za amene anagwa mphwayi. Ndikadula lero chifukwa cha inu, mawa abwera ena kuti agogo awonso ndiwasambitse. Pomaliza tidzatsala ndi chiyani? Nyimbo ya paukwati?"

"Munati chilichonse."

"Ndinati ndidzakuwerengerani. Sindinati ndidzakubisirani."

"Ine ndinadula nsalu imene amayi anga anapeta ndi manja awo. Inu kudula nkhani ya munthu amene anaola kalekale kukukuvutani? Amene ali moyo ndi Melo, a Giani. Mehru sakufuna banja."

"Ndikudziwa."

"Ngati mukudziwa mverani. Alendo ndawauza kale kuti dzina lathu lili m'buku, ndiye mudzawerenga. Mukadzangodutsa pamalo paja ndidzaimirira anthu onse akuona, n'kuvula mabuku anuwo nsalu zanga limodzilimodzi. Adzagone osavala."

A Giani anatolanso lichero lawo. "Nsalu mutha kutenga, ndi zanu. Koma sindidula."

Nasibo anachoka osatsanzika. Panjira anakalipira galu amene sanamulakwire kanthu.

Lachinayi alendo anafika pa ngolo ya hatchi dzuwa lili pamutu. Anatsika Santi, kenako a Dhan Kaur, mayi wonenepa wa zibangili zolemera, ndipo pomaliza agogo ake a mnyamata, a Baba Wasawa Singh, nkhalamba yaitali yowonda ya nduwira yabuluu, yomva ndi khutu limodzi. Mnyamata mwini anatsala kwawo monga mwa mwambo.

Nasibo anaphika mpiru, chapati cha chimanga, ndi batala wosaumira. A Dhan Kaur anadya bwino ndithu, koma maso ali yakaliyakali. Anayang'ana denga, anayang'ana miphika, anatuma Melo kukatunga madzi kuti amuone mayendedwe, anam'patsa singano kuti alowetse ulusi.

"Maso ali bwino," anatero. "Koma ndi woonda."

"Ndi ntchito imeneyo, mayi," anayankha Nasibo. "Kwathu kuno onenepa ndi amene amatuma anzawo."

Santi anatsamwa ndi madzi. A Baba sanamve, ankangofunsa ngati nthawi ya kuwerenga yakwana.

Dzuwa litapendeka anapita kukachisi. Anavula nsapato, anasamba mapazi, anakagwada kutsogolo, n'kukhala pansi, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo. Nasibo anakhala pafupi ndi chipilala, pamalo poti a Giani akakweza maso akumane naye.  Anali atakonzeka kuimirira, ndipo ankadziwa kuti akaimirira ukwati watha, akapanda kuimirira wathanso.

A Giani anatenga buku limodzi, anamasula nsalu yofiira ija pang'onopang'ono, n'kulitsegula. Mdala wina wa kutsogolo anang'ung'udza kuti dzulo sanalekere pamenepo. A Giani anati lero kuli alendo, ndipo anayamba.

Mbiriyo inalembedwa m'ndakatulo za chilankhulo chakale chimene anthu wamba samva bwino. Ndiye wowerenga amaimba mizere iwiri, kenako n'kufotokoza m'chilankhulo cha kumunda. A Giani anaimba mizere yoyamba, ya chifunga cha pamtsinje ndi amuna anjala m'bango. Anafotokoza. Anafotokoza za kuzizira kwa mwezi umenewo, kumene kumalowa m'mafupa ngati misomali. Anafotokoza za akavalo amene ankamangidwa pakamwa kuti asalire. Anafunsa madala ngati anagonapo m'bango, ndipo mdala wina anadzuka n'kuyamba kukamba za nkhumba zam'tchire. A Giani anamusiya kuti amalize.

Nasibo anayamba kutekeseka. Kodi munthuyu wadya chiyani lero? Masiku onse amathamanga ngati akuthawa mvula.

Mizere ina iwiri, Mehru analowa. Apa ndiye a Giani anachita kukhazikika. Anakamba za ufa, kuti munthu wosauka aupeza kuti wodyetsa gulu lonse. Anakamba za mkazi wa Mehru, amene dzina lake silinalembedwe, akupera tirigu atafunditsa mphero ndi bulangeti kuti oyandikana nawo asamve. Anafotokoza mmene ankakandira ndi madzi ozizira, mmene ankapsitsira, mmene Mehru ankayalira chapati pansi pa dengu n'kuika ndowe zouma pamwamba, chifukwa msilikali wodzikonda sapisa dzanja m'ndowe. Anaimbanso mizere yomwe ija kachiwiri, akuti ndi yokoma.

Pamenepo Nasibo anayang'ana pansi. Kuwala kwa pazenera kumene kunali pa mapazi ake poyamba kunali kutakwera khoma, kutafiira. Anayang'ana a Giani. A Giani sanamuyang'ane, koma Nasibo anazindikira. Dzuwa likalowa ndi nthawi ya pemphero la madzulo, ndipo pemphero limenelo silidikira buku lililonse. Nkhalamba yochenjera! Sinkadula kanthu. Inkangoyenda ngati ng'ombe yotopa kuti dzuwa liidulire.

Anamasula zala zimene anafumbata. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamvetsera nkhaniyo, ndipo anaona kuti ndi yabwinodi.

Mbalame zili kulowa m'mitengo, mkulu wa ankhondo anaika dzanja pamutu pa Mehru. A Giani anaimba dalitsolo ndi mawu onjenjemera, anaika kachingwe pa tsambalo, n'kunena kuti, "Nthawi ya pemphero yakwana. Mawa tidzapitiriza pomwe talekera."

Atatuluka, a Dhan Kaur anali atasintha nkhope. Anagwira Nasibo pamkono n'kunena kuti sankadziwa, Santi sanafotokoze bwino. Nasibo anangoti zinthu zotere munthu sadzitama nazo. Koma a Baba Wasawa anali chiimire pakhomo, nsapato imodzi m'manja, misozi ili m'ndevu.

"Wati mawa?" anafunsa mokuwa, monga amachitira ogontha.

"Eya, bambo, koma ife tizipita," anatero a Dhan Kaur. "Ngolo ikudikira."

"Ngoloyo ipite, idzabwere mawa. Tigona konkuno."

"Nanga njati kunyumba?"

"Njati zili ndi eni ake. Ine ndakalamba, mbiriyi kwathu sitinafike nayo pamenepa, ndipo sindikudziwa ngati ndidzafike. Munthu ndimusiye ali chiimire m'bango? Ndikufuna ndimve mmene Mulungu anamulipirira."

 Nasibo anati waiwala mpango wina mkati, n'kubwerera. A Giani anali akukulunga buku.

"Mawa mudwale," anawanong'oneza.

"Ndilibe chizolowezi chodwala Lachisanu."

"Bwererani kumene munalekera dzulo. Madala akudandaula."

"Ndanena pamaso pa anthu kuti tipitiriza. Lero sindinadule, mlongo wanga, ndangoyenda pang'onopang'ono. Mawa ndiyenda ndithu. Mtunda watsalawo ndi waufupi, ngakhale nditakwawa ndifika."

"Ndiye mwandithandiza chiyani?"

"Sindinadziwe kuti mwabwera ndi munthu womvetsera. Ambiri samvetsera."

Kutacha, Nasibo anakhala pabwalo akupukusa chambiko, chingwe uku chingwe uku, maganizo ali pa msika wa ziweto. Bambo ake ankagulitsa njati, ndipo iye ali mtsikana ankapita nawo. Njati ikakhala ndi bere limodzi lakufa, unene wekha wogula asanagwade. Ukanena wekha, mtengo ukadali m'manja mwako. Akalipeza yekha, mtengo atchula ndi iye, ndipo akutcha wakuba.

Anathira chambiko m'makapu aatali amkuwa, anaikamo batala, n'kupereka kwa alendo amene anakhala pa mabedi a zingwe akuothera dzuwa. Melo anali kuseri kwa kakhoma ka khitchini. Nasibo anakakhala mbali ya khutu lamoyo la a Baba.

"Bambo, za masana ano ndikuuzeni ndine, musakazimve kwa wina. Mehru uja Mulungu sanamulipire kanthu. Asilikali anabwera, anamanga ana ake awiri pachitsime, n'kunena kuti awaponyamo. Mehru anawatsogolera m'bango. Anthu aja ankawadyetsa aja anaphedwa, ochepa okha ndiwo anathawa. Ndi zomwezo. Dzulo ndinkafuna mumve theka lokoma lokha, a Giani anakana."

 Kuseri kwa kakhoma mphika unasiya kulira. Santi anayang'ana m'kapu mwake ngati mwagwera ntchentche.

A Dhan Kaur ndiwo anayamba. Anaika kapu pansi, anakonza mpango.

"Ndinadziwa ine. Ndinati nkhani yokoma chonchi ili ndi fupa mkati. Ndiye mumafuna mutigwire m'maso? Magazi a munthu wopereka anzake alowe m'nyumba ya lupanga?"

"Ndanena ndekha, mayi. Wogwira anthu m'maso sanena."

"Mwanena chifukwa mwapanikizika."

"Eya. Nanga inu mumanena zanu musanapanikizike?"

A Baba anakweza dzanja. "Anawo anali aakulu bwanji?"

"Sindikudziwa, bambo. Akuti wina anali asanaguluke mano."

Nkhalamba inagwedeza mutu. A Dhan Kaur anasendera pafupi ndi Nasibo, anatsitsa mawu kuti apongozi awo asamve.

"Mverani. Ine si munthu wouma mtima. Mtsikanayo ndamuona, ntchito amaidziwa. Koma anthu kwathu akamva adzatiseka, ndiye pafunika chotsekera pakamwa. Zija ananena Santi zija zikhalepo, basi tiiwale za makolo."

Nasibo anawayang'ana bwinobwino. Kenako anayankha ndi mawu a kumunda, oti wa kutsidya kwa msewu amve.

"Ohoo! Ndiye magazi a Mehru akakwera njinga yamoto amayera?"

"Tsitsani mawu, inu!"

"Nditsitsirenji? Ndikufuna ndimvetse mtengo. Akabwera wapansi ndi mdzukulu wa wopereka anzake, akabwera pa njinga yamoto ndi mpongozi. Nanga njinga yakapalasa imayeretsa mbali iti, miyendo yokha?"

"Njinga yanji?" anafunsa a Baba.

A Dhan Kaur anayang'ana kumbali.

"Ndati njinga yanji? Santi!"

Santi anafotokoza, mawu akutuluka ngati akukoka minga. A Baba anatembenukira kwa mpongozi wawo. Sanakuwe. Anangofunsa ngati mdzukulu wawo Ajaib wasanduka ng'ombe yapamsika, ndiponso ngati lupanga lija pakhoma analipachika kuti azipemphera zinthu kwa akazi amasiye. A Dhan Kaur anakoka mpango mpaka pamphuno.

"Za njinga zathera pano," anatero a Baba. "Zinazo ndikamve kaye m'buku."

Anatenga ndodo yawo n'kupita kukayenda kumunda okha.

Nasibo anatolera makapu. Anali atapambana, koma chimwemwe panalibe. Njinga ija, ngakhale analibe, inali mlatho. Akanatha kugulitsa njati imodzi, kukongola kwina, mwina n'kuipeza. Tsopano mlatho anaugwetsa yekha, ndipo chatsala ndi Mehru yekhayekha pamaso pa nkhalamba yonyadira makolo ake. Kukhitchini anapeza Melo akusenda adyo, misozi ili mbwembwembwe.

"Adyo saliritsa, ndi anyezi," anatero Nasibo. "Pukuta kumaso. Sanakane."

"Sanavomerenso, amayi."

"Ndiye ukulirira chiyani pakati pa msika? Ika mphodza pamoto."

Masana kachisi anadzaza kuposa masiku onse, chifukwa mawu a Nasibo anali atamvekadi kutsidya kwa msewu. Iye sanakhale pachipilala. Anakakhala kutsogolo kwenikweni, Melo pambali pake, msana uli chilili.

A Giani sanazengereze ndipo sanathamange. Anaimba za asilikali akulowa m'mudzi m'mamawa, za zingwe, za chitsime. Anaimba za Mehru akuyenda patsogolo, dengu lake lomwe lija lili pamutu kuti a m'bango asadzidzimuke. Apa mayi wina kumbuyo anafuula, "Mayo!" A Giani anafotokoza mzere uliwonse monga unalembedwera, osawonjeza tsabola, osathira madzi. Wolemba sanamutukwane Mehru ndipo sanamuikire kumbuyo. Anatchula amene anafa, amene ankawadziwa mayina, n'kupitirira ku nkhani ina. A Giani anatseka buku dzuwa likadalipo.

Anthu anatuluka mwakachetechete, ena akupewa kuyang'ana Nasibo. Pamalo ovalira nsapato a Baba Wasawa anakhala pa khonde nthawi yaitali. Kenako anakodola Nasibo.

"Mwana wanga, ndikufunse. Akanakhala Melo pachitsime paja, ukanatani?"

"Ndikanawalozera njira asanamalize kumanga mfundo. Ndipo chapati ndikanaperekanso nyengo yonse ija. Musandifunse zoti mukudziwa kale, bambo."

"Ine sindikudziwa," anatero a Baba. "Ndayenda m'munda mwako m'mawa wonse ndikudzifunsa. Ndili ndi ana asanu. Sindikudziwa." Anapukuta ndevu ndi chikhatho. "Kwathu timangoti makolo athu ankakwera akavalo. Kumene ankapita nawo palibe analemba."

Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kansalu komanga mfundo. Munali chibuluma cha shuga wa nzimbe ndi ndalama imodzi yasiliva, zinthu zimene amapereka akavomera mkwatibwi.

"Mtsikanayo abwere kuno."

Melo anabwera maso ali pansi, anatambasula nsonga ya mpango wake, ndipo a Baba anaikamo zinthuzo n'kumugwira pamutu. Santi anayamba kulira mokweza ngati ntchito yonse waigwira ndi iye.

A Dhan Kaur anaima pambali, milomo ili ndwii. Nasibo anawayandikira, poti munthu amene mwana wako akakhale naye nyumba imodzi sumusiya chimanjamanja pagulu.

"Asewele, kathole kanga kaja munakaona?"

"Ndinakaona. Kali ndi miyendo yabwino."

"Kapita ndi Melo. Koma ndi ka Melo, mkaka wake azigawa yekha."

"M'nyumba mwanga mkaka amagawa ndine."

"Ndiye muzigawa wa njati zanu. Wa kathole agawa mwini wake, ndipo akupatsani, ndinamulera bwino."

A Dhan Kaur anaganiza pang'ono. "Ndi chingwe chake chomwe."

"Chingwe tengani."

Ngolo itanyamuka, fumbi litatsika, Nasibo anauza Melo kuti atsogole akatsekere njati. Iye anabwerera m'kachisi. A Giani anali atagwada pa kabati akubwezera buku la Mehru pansi pa anzake, n'kutulutsa lija analekera madala.

"Mwabwera kudzavula mabuku?" anafunsa osatembenuka.

"Asiyeni avale, kukuzizira."

"Nanga ngongole yanga?"

"Yatha. Mwalipira, ngakhale mwalipira mokhota." Nasibo anakonza mpango kumutu, anafika pakhomo, n'kutembenuka. "Koma dzulo munanama pamodzi. Chapati cha anthu ambiri chonchija sakanda ndi madzi ozizira, chimauma chisanafike kumtsinje. Mukadzafikanso pamenepo chaka chamawa mudzati ofunda."